A Osaliza ndi Galimoto ya a Dokotala

"Kali ndi makutu kabokosi kakoko?" anafunsa malume, akuloza ndi sipanala. "Ndikufunsa iwe, Mtchona. Kali ndi makutu?"

"Sikasowa makutu, malume. Kamawerenga ubongo wa galimoto."

"Ubongo! Mwamva, a Dokotala? Mwana wa mlongo wanga wakhala kunja zaka zisanu ndi chimodzi, wabwerako ndi ubongo wa m'thumba. Wa m'mutu anauiwala pabwalo la ndege."

A Dokotala sanaseke. Anali ataweramira foni yanga, magalasi ali pansonga ya mphuno, akuwerenga mzere wobiriwira wonena kuti injini ya galimoto yawo ilibe vuto lililonse. Kabokosiko ndinakalumikiza kunsi kwa chiwongolero malume atapita kukasamba m'manja. Palibe anandituma. Ndinangotopa kumva munthu wamkulu, dokotala wa mano wopuma pantchito, akuuzidwa kuti injini yake itsegulidwe chifukwa cha kaphokoso komwe mwini wakeyo sanakamvepo.

"Amisiri," anatero a Dokotala, "makina akuti zonse zili bwino."

"Makinawo adzalankhula injini itafa kale, ngati mlaliki wa pamaliro. Mvetserani. M'kati umu muli tcheni chomwe chimaonetsetsa kuti mapisitoni ndi mavalavu asakumane panjira. Chomwe chimakunga tchenicho ndi kanthu kochepa ngati chala changachi, timati tenshona, ndipo anzeru omwe anapanga galimoto yokwera mtengo chonchi anakapanga ndi pulasitiki. Pulasitiki yaphikidwa m'oyilo wotentha zaka makumi awiri. Ikasweka, tcheni chimalumpha, zitsulo n'kumenyana, injini n'kusanduka mulu wa zitsulo zogulitsa pasikelo."

"Nanga bwanji ine sindikumva kanthu?"

"Chifukwa mumaliza galimoto wailesi ili yotsegula, mawindo ali otseka. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chimaimba. Chimaimba masekondi awiri okha, m'mawa, injini itagona usiku wonse oyilo atatsikira pansi. Ndinachimva sabata yatha itagona pano chifukwa cha mabuleki. Igonenso lero. Mawa mubwere seveni koloko, mudzaime apa, mudzamve ndi makutu anu."

A Dokotala anayang'ana foni, anayang'ana malume, kenako anasiya makiyi pamwamba pa boneti osanena kuti zikomo.

Dzina lenileni la malume amalidziwa ndi a kutchalitchi ndi a kuchipatala okha. Mumsewu mwathu aliyense amati a Osaliza, chifukwa ndiwo mawu oyamba omwe munthu amalandiridwa nawo akalowetsa galimoto pageti: "Zimitsani, ndipo osaliza!" Anayamba ntchito pagalaja yaikulu ya m'tauni asanamere ndevu, akutsuka mabawuti m'beseni la palafini. Kwa zaka zitatu sanaloledwe kugwira sipanala. Iwo amati zaka zitatuzo ndizo sukulu yawo yonse, chifukwa munthu woletsedwa kugwira amaphunzira kumvetsera. Ankafika anzawo asanafike kuti azikhala pafupi galimoto zikamalizidwa koyamba.

Anagwira pagalajapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Makompyuta atabwera, bwana watsopano anawapatsa jekete loyera ndi mpando kusitolo ya zipangizo, kuti azipereka masefa pawindo. Anakhala pampandowo masiku anayi. Tsiku lachisanu anakoleka jekete lija pachitseko cha bwana, n'kunyamula bokosi lawo la zida. Eni galimoto khumi ndi mmodzi anawatsatira mpaka kunyumba, komwe anakumba dzenje pabwalo ndi kukhoma denga la malata pamwamba pake.

Lamulo lawo linali limodzi: galimoto zikuluzikulu zokha, za masilinda asanu ndi atatu, zamipando yachikopa. Tigalimoto tating'ono todzaza m'misewuti ankatitcha mabeseni. Woyendetsa takisi akaima pageti kupempha kuti amuonere kanthu, ankamuuza kuti apite nayo kwa owotcherera ndowa. Koma pakamwa pawo sipankasankha wosauka kapena wolemera. Mkulu wina wa kubanki anauzidwa, pamaso pa mkazi wake, kuti amaponda buleki ngati akupha chinkhanira. Ameneyo sanabwererenso. Ena anamwalira, ana awo n'kugulitsa galimotozo. Pomwe ine ndinkafika, mwa khumi ndi imodzi zija inali itatsala imodzi, yobiriwira modera, ya a Dokotala.

Nyumba inkayenda ndi makina osokera a anti, akazi awo a malume, omwe ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde kuyambira m'mawa mpaka maso atakana. Aliyense ankadziwa, palibe ankanena. Koma galimoto yobiriwira ija ikalowa pageti, malume ankavala ovolosi yochapa, ankayenda chifuwa chili patsogolo, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu anali mmisiri, osati mwamuna wa telala. Popanda galimoto imeneyo, dzenje lija linali dzenje chabe.

Ine ankandigoneka m'chipinda cha matayala. Sitinkagwirizana, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika. Amayi atamwalira sindinabwere kumaliro, poopa kuti ndikatuluka m'dziko lija sakandilolanso kulowa. Patatha chaka anandithamangitsabe. Malume anakumba nawo manda a mlongo wawo, ndipo ankandikumbutsa zimenezi ngakhale ndikangopempha mchere.

M'mawa wa tsiku lomwe anapangana ndi a Dokotala, magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Foni yanga inali itatsala pang'ono kufa, ndipo ndinkadikira kuti andiimbire anthu ena omwe analonjeza kundipezera ntchito kunja. Malume anali atatuluka mbandakucha kuperekeza anti kokwerera basi, atasenza thumba la mayunifolomu. Ankachita zimenezi kusanayere kuti anthu asawaone atasenza katundu wa telala. Makiyi a galimoto ya a Dokotala anali pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndinawatenga, n'kukalowa m'galimotomo.

Ndinkafuna kungopotokola pang'ono kuti moto ufike pachaja. Sunafike. Ndinapotokolanso.

Phokosolo linali ngati munthu wakoka unyolo wa galu pamwamba pa lata. Khwe-khwe-khwe-khwe, kenako zii. Injini inayamba kung'ung'udza mofatsa ngati sinachite kanthu. Tcheni chija ndinachimva bwinobwino, ndipo ndinadziwa kuti sichidzamvekanso mpaka mawa. Popeza cholakwa chinali chitachitika kale, ndinaisiya ikulira mpaka foni inadzuka. Anthu aja sanaimbe n'komwe.

A Dokotala anafika pa nthawi yake, pa takisi, atavala jekete la mtundu wa phulusa. Malume anatsegula boneti mwaulemu ngati akutsegula buku la m'tchalitchi. Makiyi ali m'dzanja limodzi, anaika kumbuyo kwa dzanja linalo pa injini, monga amachitira mayi pamphumi pa mwana. Dzanjalo linakhala pomwepo nthawi yaitali.

"Yalizidwa," anatero.

Sanandiyang'ane. Ine ndinayang'ana kumpanda.

"Ndani wailiza?" anafunsa a Dokotala.

"Galimoto iyi yalizidwa, ndipo lero simumva kanthu. Mubwere mawa."

A Dokotala anatenga makiyi m'dzanja la malume, analowa, n'kuliza okha. Injini inadzuka mosalala ngati mafuta. Anatsitsa windo, anatchera khutu, n'kuzimitsa.

"Makutu angawa ndi okalamba, amisiri, koma sanafe."

"Ndati mawa."

"Mawa. Ndakhala zaka makumi atatu ndikuuza anthu kuti abwerenso mawa, nyimbo imeneyo ndimaidziwa. Mkamwini wanga wakhala akundiuza kuti ndiipititse kugalaja ya anyamata a makompyuta aja, ine n'kumakana chifukwa cha inu. Tsegulani lero, ine ndili pompano. Mukapeza kanthu, ndikaone ndi maso. Mukapanda kupeza, muimange, ndipo simudzaionanso."

Malume analavulira pambali. "Mtchona, apatse mpando bwana wakoyu. Paja ndinu a mpingo umodzi."

Ndinali ndisanawaonepo malume akugwira ntchito kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndivomere kuti ndinaiwala kupsa mtima kwa kanthawi. Anatenga katoni, najambulapo chivundikiro cha injini ndi choko. Bawuti aliyense akamumasula ankamubaya pakatonipo, pamalo ake enieni. Mawaya ankawasuntha ndi zala ziwiri, chifukwa ukalamba unali utawaumitsa ngati udzu. Injiniyo ili ndi mbali ziwiri, mbali iliyonse ndi tenshona yake pansi pa chivundikiro chake. Anayamba ndi ya kumanzere, yosavuta kufikira.

Chivundikiro chitachoka, tcheni chinaonekera, chonyezimira ndi oyilo, ndipo pakati pake panali tenshona ija, yofiirira ngati dzino la wosuta fodya. Anakanikiza tcheni ndi chala chachikulu. Sichinagonje. Analowetsa sikuludiraiva, nakankha pang'onopang'ono. Kenako anatulutsa m'thumba la pachifuwa kagalasi ka chogwirira chachitali, kaja amalowetsa m'kamwa mwa munthu. A Dokotala ndiwo anawapatsa, chaka chomwe anayamba kuwakonzera galimoto. Anakazembetsa kunsi kwa tenshona, tochi ili m'kamwa.

Anachotsa tochi. "Iyi ili bwino."

A Dokotala anayang'ana wotchi yawo mochita kuonetsera.

Pamenepo m'pomwe ndinalephera kupirira. "A Dokotala, ndine ndinailiza. Ndimafuna kutchaja foni. Phokosolo lilipo, ndalimva ndekha."

"Dzulo unali ndi kabokosi, lero uli ndi makutu," anatero a Dokotala. "Magazi ndi magazi, mwanawe. Usadzivutitse."

"Ukuganiza kuti sindinadziwe?" anatero malume, mutu uli m'boneti. "Mpando unaubweza m'mbuyo, miyendo yako ya nsungwiyo. Ukanalankhula pa nthawi yake, ukanakhala munthu. Pano ndiwe phokoso chabe. Choka pakuwala."

Mbali ya kumanja inawatengera maola awiri. Panali paipi ya mpweya yoti ichoke kaye, ndi bawuti wina wobisala kumbuyo yemwe anawasenda khungu la pachala. Magazi anawapukutira pa ovolosi yochapa ija. Dzuwa linali litafika pamutu, mthunzi wa malata utathawa pomwe panali mpando wa a Dokotala. Woyendetsa takisi uja anali atabweranso kudzawatenga, ndipo anaima pageti limodzi ndi amayi awiri oyandikana nafe omwe anamva kuti kwa a Osaliza kuli mlandu.

Chivundikiro chachiwiri chinachoka. Kuyang'ana pamwamba, tenshona yake inali ngati inzake ija, yathunthu. Malume anakanikiza tcheni. Chinagonja pang'ono, pang'ono kwambiri moti ine sindikanaona kusiyana. Analowetsa kagalasi kaja, nakatembenuza uku ndi uku. Kenako anaweramuka, n'kukapereka kwa a Dokotala chogwirira chili kutsogolo.

"Ichi ndiye chida chanu. Onani nokha."

Dzanja la a Dokotala limanjenjemera akamagwira kapu, koma litagwira kagalasiko linakhazikika. Anawerama, malume akuwaunikira. Ine ndinasuzumira paphewa pawo. Kunsi kwa tenshona, pomwe pamayenera kukhala pulasitiki yoti tcheni chizitsetserekapo, panalibe kanthu. Tcheni chinkayenda pachitsulo chosavala, ndipo chinali chitadya kale kamzere kowala. Kuchokera pamenepo mng'alu woonda ngati tsitsi unkakwera m'mbali.

"Ndaona," anatero a Dokotala motsitsa mawu. "Munanena zoona, amisiri."

Munthu wina aliyense akanalekera pomwepo. Malume anali asanayambe n'komwe.

"Simunaone. Khalani pansi."

"Ndati ndaona. Kwatentha, ndipo sindinamwe mankhwala anga."

"Ine ndatentha kuyambira dzulo."

Anatsikira m'dzenje, anakhetsa oyilo yense m'beseni, n'kuyamba kumasula sampu, chibeseni chachitsulo cha kunsi kwa injini. Ola lathunthu linatha nkhalamba ija ili padzuwa, ikudzikupiza ndi chipewa. Malume anatuluka m'dzenjemo dzanja lili lofumbata, oyilo wakuda akuyenderera mpaka m'chigongono. Sanapite kwa a Dokotala kaye. Anayamba apita kugeti.

"Bwerani, amayi. Nawenso wa beseni, bwera uphunzire. Mukuziona izi?" Anafumbatula. Munali tizidutswa tofiirira ngati zikhadabo zoduka. "Izi zinali pasefa ya oyilo. Izi ndi zomwe kabokosi ka kunja kanati kulibe."

Kenako anatembenuka, anagwira dzanja la a Dokotala, nakhuthulira tizidutswato m'chikhatho chawo, oyilo ndi zonse. Dontho lakuda linagwera pajekete la phulusa lija.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinakunamizenipo. Dzulo kwabwera chidole cha mwana wothamangitsidwa, inu n'kundiyesa wakuba pakhomo panga. Sukulu yonse ija, a Dokotala, mutu uli mbee, koma galimoto yanu ili ndi nzeru kuposa mwini wake. Iyo yakhala ikulankhula m'mawa uliwonse. Wogontha ndi inu."

Mmodzi mwa amayi aja anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi nsalu.

A Dokotala anatulutsa kampango, nakulungamo tizidutswa tija bwinobwino, napukuta zala chimodzichimodzi. Atalankhula, mawu awo anali aulemu kwambiri.

"Tandiuzani, amisiri. Kuchotsa kanthu aka ndi kuikapo katsopano, ndi ntchito yovuta?"

"Ntchito ndi kupeza," anatero malume, chibwano chili m'mwamba. "Kusintha ngakhale Mtchonayu angasinthe, wina atamulozera."

"Chabwino."

Anatulutsa foni, naimbira mkamwini wawo kuti atumize galimoto yokoka.

Malume anaima chilili, manja ali lende.

"Ndakupirirani zaka zonsezi," anatero a Dokotala, "chifukwa inu nokha mumamva zomwe ena samva. Lero mwandilozera. Zotsalazo akachita anyamata aja. Kumeneko amapereka mpando pamthunzi, ndipo palibe amaitana anthu a mumsewu kudzaonerera."

"Akakaimanga molakwika, musadzabwere kuno."

"Sindidzabwera, amisiri. Musade nkhawa."

Ndinkayembekezera kuti malume agenda sipanala, kapena apepesa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anabwezera sampu ndi mabawuti anayi kuti fumbi lisalowe, anaphimba mbali zonse ziwiri za injini ndi nsalu zoyera, naika katoni ya mabawuti ija pampando wakumbuyo mosamala kuti isapendekeke. Galimoto yokoka itafika, anamuzungulira dalaivala wake katatu, akumuuza kuti mu injinimo mulibe oyilo ngakhale dontho, ndipo akangoyerekeza kupotokola kiyi adzamusaka mpaka kwawo. Kagalasi kaja anakatsuka ndi palafini, nakasiya pa dashibodi.

Anti anabwera chakumadzulo, thumba lili lopanda kanthu. Anaima pakhonde kuyang'ana dzenje lopanda galimoto pamwamba pake.

"Yapita, abambo?"

"Yapita."

"Ibweranso?"

Malume anapitiriza kupukuta masipanala, omwe anali oyera kale. Anti anavundukula makina awo, ndipo posakhalitsa phokoso lokhalo pabwalo lonse linali la singano.

Malume anamvetsera phokosolo kwa kanthawi. Kenako anavula ovolosi, naipinda, navala shati. Atatuluka pageti ndinawatsatira, ngakhale sanandiitane. Tinadutsa pa owotcherera, tinadutsa pomwe amaima a takisi. Nkhani inali itatitsogolera kale, chifukwa onse anasiya kulankhula titayandikira.

"Malume, ndinalakwa."

"Liti? Usanapite, uli konko, kapena lero? Sankhapo chimodzi, ndilibe tsiku lonse."

"Lero."

"Lero unangopotokola kiyi. Chitsiru chilichonse chimatha kupotokola kiyi." Anayenda masitepe angapo. "Zinazo ndinamaliza ndekha. Koma usaganize kuti ndakukhululukira."

Analowa m'sitolo ya zomangira ya pakona, momwe mumanunkha simenti ndi mphira. Mwini sitolo, bambo wonenepa yemwe anatukwanidwapo ndi malume chifukwa cha kagalimoto kake konyamulira katundu, anadzuka pang'onopang'ono.

"A Osaliza! Lero mwasochera? Kuno tilibe zida za mabwana."

"Penti yoyera. Kachitini kochepetsetsa."

"Mukupenta chiyani?"

"Geti."

"Geti lonse ndi kachitini aka? Sikakwana."

"Sindikupenta geti lonse. Ndikulembapo mawu."

"Mawu oti chiyani? Ndidziwe kuchuluka kwake."

Malume anayang'ana mashelefu, anayang'ana denga, ngati akufuna wina woti amutukwane. Kenako ananena mofulumira, mano ali olumana.

"Timakonzanso galimoto zazing'ono."

Mwini sitolo anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya malume anatsokomola m'malo mwake. Anatsitsa kachitini kochepa ngati kapu ya tiyi.

"Aka kakwana. Burashi?"

"Ndili ndi mswachi wakale."

Titatuluka ndinatambasula dzanja kuti ndiwanyamulire. Anakasamutsira kudzanja lina, la kutali ndi ine.

"Usakagwire. Zomwe wagwira lero zakwana."

Tinabwerera kunyumba chomwecho, iwo patsogolo, ine pambuyo, kachitini kakulendewera pa chala chawo chosendeka chija.